Fainess ndi Nkhono za M'mabokosi a Machesi

Mukafunsa akuluakulu a kufupi ndi Mtunthama kuti ndani ankadziwa kusankha fodya wa bale, sachedwa kutchula Fainess. Ena amawonjezera kuti mayiyo adali ndi pakamwa, ndipo sanama. Koma pa za fodyazo palibe amatsutsa.

Fainess adafika kuno ali kumsana. Makolo ake adali matenanti a ku Phalombe, adabwera pa lole ya esiteti pamodzi ndi mabanja ena, atanyamula mphasa, mapoto awiri ndi makasu. Mwanayo adakulira m'chigafa cha fodya. Anzake akuphunzira kulemba, iye ankaphunzira kusiyanitsa tsamba la pansi ndi la pakati, lofiirira ndi lotuwa, lopyapyala ndi lokhuthala. Sukulu adailekera Sitandade 3, osati chifukwa cha kuuma mutu ayi, koma chifukwa nyengo yosankha fodya ikafika bambo ake ankabisa yunifolomu. Pofika zaka khumi ndi zisanu, akuluakulu akatsutsana pa tsamba, kapitawo ankaitana iyeyo. Ankalitambasula pabondo, kulisisita ndi chala, n'kuliponya pa mulu wake. Belo losankha Fainess silinkabwezedwa ku okushoni.

Lamulo lake lidali lalifupi, ndipo ankaliphunzitsa aliyense wokhala naye pamphasa: zazikulu kwa zazikulu, zofiira kwa zofiira, zong'ambika pambali.

A Alick adamupeza momwemo m'chigafa. Iwo adali mwana wa m'mudzi, ndipo ankagwira ntchito pa sukulu yogonera pompo, kusesa ndi kutsuka mabotolo m'chipinda cha sayansi. Munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko, woti akalankhula mawu khumi patsiku ndiye kuti kwagwa nkhani. Pofunsira sadachulutse gaga m'diwa. Adangoti maso ngati a Fainess sadawaonepo, maso oona zimene ena saona. Fainess adawasunga mawu amenewo zaka makumi atatu, popeza ena otere sadabwerenso. Adabereka ana anayi, woyamba Lusiya, onse adakula n'kubalalikira m'matauni. Esiteti ija idagulitsidwa, mwini watsopano adadzala chimanga ndi mtedza, matenanti adamwazikana. Zaka za makuponi a feteleza zitafika, nkhani ya m'mudzi idangokhala imodzi, yoti ndani walembedwa ndani wasiyidwa. Wosankha fodya ankamukumbukira apa ndi apo, wina akakhala ndi mabelo awiri kapena atatu.

M'zaka zomwezo a Alick adapuma ntchito. Tsiku lomaliza adafika akukankha njinga, pakaliyala atamanga makatoni atatu. Fainess adathamangira, mtima uli dyokodyoko, poganiza kuti ndi mbale kapena mabulangete. Potsegula adapeza mabokosi a machesi, mazanamazana, ondandalikidwa bwino. M'bokosi lililonse mudali kathonje, kapepala kopinda, ndi chigoba cha nkhono, mwina chimodzi, mwina zitatu. Adatola chimodzi. Chidali cholemera, chozizira, mwala weniweni.

A Alick adafotokoza kuti katunduyo adawasiyira mphunzitsi wina wachikulire wa kunja pobwerera kwawo. Bamboyo patchuthi ankapita ku magomo a m'mphepete mwa nyanja yamchere ku Tanzania ndi ku Mozambique, kukakumba nkhono zimene zidafa kalekale, anthu asanakhaleko, n'kusanduka miyala. Pa kapepala kalikonse adalemba malo amene adakumba, koma mzere wa dzina la mtundu wake adausiya wopanda kanthu, popeza maso adamuthera ntchito isanathe. Adasiyanso buku lalikulu la zithunzi ndi galasi lokulitsira zinthu. A Alick adalonjeza kuti maina adzamaliza ndi iwo.

"Anzanu popuma ntchito amabwera ndi malata," adatero Fainess, "inu mwabwera ndi nkhono zakufa, bambo a Lusiya."

Adaseka mpaka misozi, a Alick nawonso adamwetulira. Nkhonozo Fainess sadazichitire nsanje ngakhale pang'ono. Mwamuna wosamwa mowa, wosasewera bawo, akapeza choseweretsa chomukhazika pakhonde, mkazi wanzeru amathokoza.

Nsanje idabwera ndi nsapato. Idafika Loweruka lina masana, itavala magalasi, ikununkhira mafuta a m'sitolo. Dzina lake Consolata, mphunzitsi wa jogalafe pa sekondale yoyendera, mayi wamasiye wa zaka zosapitirira makumi anayi ndi zisanu. Adamva za nkhonozo kutchalitchi, ndipo adapempha kuti azione kuti mwina ana a sukulu angaphunzirepo kanthu. Adapereka moni atagwada bwinobwino, adatchula Fainess kuti amayi. Palibe chimene ukadamugwira nacho, ndipo n'chimene chinkanyansa kwambiri.

Buku lija lidali la Chingerezi chovuta, choposa cha a Alick. Choncho adagawana ntchito: mphunzitsi aziwerenga, a Alick aziyang'ana pa galasi. Loweruka lililonse, kenaka Lachitatu lomwe, ankakhala pakhonde, tebulo laling'ono pakati, mitu itayandikana mpata wosalowa dzanja. Fainess ankatola ntchito iliyonse yoti aigwirire pafupi. Nyemba zosankha kale ankazisankhanso.

"Werengani nthiti zake, bambo Banda," ankatero mphunzitsiyo kwa a Alick.

"Khumi ndi ziwiri pa kuzungulira kumodzi. Ndipo palinso timizere topingasa."

"Nanga kamwa lake? N'lozungulira, kapena lili ndi kangalande kumunsi?"

"Kangalande kalipo, kakafupi. M'kati mwa mlomo muli timano tinayi."

"Tembenuzani tione mchombo ngati uli wotseguka."

Tamvani zimenezo. Milomo, michombo, nthiti, dzuwa likuswa mtengo, pakhonde pa mwini wake. Fainess ankadziwa ndithu kuti akunena nkhono, sadali wopepera. Chimene chinkamudya n'china. A Alick, munthu wa mawu khumi uja, ankalankhula osapumira. Ankaseka mpaka kugunda tebulo. Akapeza dzina, onse awiri ankawerama kulilemba pa kapepala ngati akulembetsa mwana ku ubatizo. Mphunzitsi akapita, khonde linkabwerera mwakale, zii, ndipo Fainess ankalandira "zikomo" wa pa chakudya basi.

Tsono panali ichi. Monga munthu wa ntchito yosankha, Fainess ankaona kuti anthuwa sakusankha chilichonse. Masana onse ankathera pa nkhono ziwiri zofanana kukula, zofanana mtundu, n'kugamula kuti n'zosiyana. Kenaka ankatenga kanthu kakang'ono ngati njere ya mapira ndi chinzake chachikulu ngati dzira la nkhuku, n'kunena kuti ndi mtundu umodzi. Yofiira ankaiphatika ndi yoyera. Yosweka ankaisamala kuposa yamphumphu. Kapitawo wa ku esiteti akadawathamangitsa dzuwa lisanafike pamutu. Miyezi isanu ndi itatu idatha, katoni yoyamba isanafike pakati. Fainess adawerengera yekha mumtima kuti munthu amene sakufuna kuti ntchito ithe amagwira chonchi.

Tsiku lina adayesako. Atabweretsa tiyi, adatola nkhono imodzi patebulo kuti aione. A Alick adatambasula dzanja msanga.

"Siyani, mayi a Lusiya, mungasokoneze."

Sadakalipe. Adalankhula monga umalankhulira kwa mwana amene wagwira wailesi. Fainess adaibweza. Asanafike ndi pakhomo pomwe, adamva mphunzitsi akunena kuti waona kamzere kena pansi pa nsonga, ndipo a Alick adayankha mokondwa kuti, "Koma muli ndi maso, aphunzitsi. Ine sindikadakaona."

Maso. Fainess adalowa m'nyumba n'kukhala pa thumba la chimanga, thireyi ili m'manja. Zidamuwawa zedi, kuwawa kwa mpaka m'mafupa. Zina zonse akadapirira, koma mawu aja adali ake, okhawo amene adapatsidwapo, ndipo adaperekedwa kwa wina iye ali pomwepo.

Mudzi nawo sugona. Tsiku lolandira makuponi, anthu atadzaza pabwalo la sukulu ya pulayimale, Feggie, mnansi wake wa pakamwa ngati lumo, adamukodola pamzere.

"Amayi a Lusiya, landirani bwino ya chaka chino. Chaka chamawa mudzagawana, thumba limodzi lanu, lina la aphunzitsi."

Amayi a pamzere adaseka chobisa m'zitenje. Fainess, amene sadagonjepo pa mkangano, adangoti nkhono n'zimene zimawasonkhanitsa. Feggie adati inde, nkhono, nanga akutsutsa ndani, koma mphuno imodzi silowa zala ziwiri.

Kuchokera tsiku limenelo Fainess adatsimikiza mtima. Kukangana ndi mphunzitsi sikukadathandiza, munthu wake ndi waulemu uja. Kutaya nkhono kuchimbudzi, ayi, sadali mfiti. Njira idali imodzi yokha: ntchito ithe. Ikatha, mayiyo adzabwera kudzatani? Ndipo a Alick adzaona okha kuti maso enieni ali m'nyumba mwawo momwemo.

Mpata udapezeka Lachinayi lina mwezi wa Novembala. Kudamveka kuti feteleza wafika ku depoti, ndipo a Alick adalawirira ndi njinga kukaima pamzere, ulendo wodziwikiratu kuti ndi wa tsiku lonse. Fainess adasesa m'chigafa chawo chaching'ono kuseri kwa nyumba, momwe kuwala kumalowa bwino, adayala mphasa ziwiri, n'kututa makatoni onse atatu. Adatsegula mabokosi limodzilimodzi, kukhuthula nkhono pamphasa, mapepala uku, thonje uku, mabokosi uko. Wosankha fodya sayamba asanaone mulu wonse pamodzi.

Ndiye adakhala pansi, miyendo tambalale, n'kuyamba. Abale, manja aja adakumbukira. Zala zinkayenda zokha, maso akuthamanga patsogolo. Zazikulu zoyera m'lichero loyamba. Zazikulu zofiirira m'lachiwiri. Zapakati adazigawa patatu, popeza padali zina zotuwa ngati phulusa. Ting'onoting'ono m'beseni. Zosweka, zobooka ndi zopanda nsonga adaziika pambali m'chidebe, osataya ngakhale imodzi. Pena ankaima, kuyerekeza ziwiri pa kuwala, n'kusintha maganizo. Adayamba kung'ung'udza nyimbo ya m'chigafa imene adaiiwala kalekale. Kunena zoona, zaka khumi zidapita asanakondwepo chotero.

Mapepala adawasanja bwino, aatali kwa aatali, aafupi kwa aafupi, n'kuwamanga m'timitolo ndi luzi monga amangira fodya. Mabokosi adawabwezera m'makatoni ali opanda kanthu. Dzuwa lisanapendeke kwenikweni, ntchito ya miyezi isanu ndi itatu, ndi ina ya zaka zingapo imene idali kutsogolo, idali itatha. Magiredi asanu ndi awiri, oyera, oti ngakhale wogula wovuta sakadapeza chonena. Adasamba, adavala chitenje cha ku ukwati wa Lusiya, n'kukhala pakhonde.

A Alick adafika chakumadzulo, fumbi mpaka m'nsidze, thumba limodzi pakaliyala. Fainess adawalandira njinga, adawapatsa madzi, koma kudikira kuti apume kudamukanika.

"Tabwerani kuchigafa, bambo a Lusiya, mudzaone ntchito yanu ija."

Adalowa, adaima. Adayang'ana malichero, beseni, chidebe, ndi makatoni a mabokosi opanda kanthu. Fainess ankadikira kumwetulira. A Alick adawerama pang'onopang'ono, ngati munthu wodwala msana, n'kutola kamtolo kamodzi ka mapepala. Adasolola pepala limodzi.

"Ili linali la nkhono iti?"

"Zonse zili pomwepo. Sindinataye ngakhale imodzi. Mapepalanso ndi amenewo, onse."

"Ndamva. Koma ili linali la iti?"

Fainess adayang'ana pepalalo, adayang'ana malichero.

A Alick adakhala pamphasa. Adatola kankhono m'beseni ndi ina yaikulu m'lichero, n'kuziika pachikhatho. Adati aka ndi mwana, iyi ndi mayi wake, mtundu umodzi, nthiti zake n'zofanana ukaziwerenga. Adatola yofiira ndi yoyera, adati kufiiraku si kwa nkhono, ndi kwa dothi limene idagonamo. Adapisa m'chidebe, natulutsa yosweka pakati, nati iyi idali yokhayo ya mtundu wake m'makatoni onse, ndipo kusweka kwakeko n'kumene kumaonetsa mapindidwe a m'kati. Ankalankhula motsitsa, osamuyang'ana.

"Maina tikhoza kuwapezanso," adatero. "Nkhono imanena yokha dzina lake ukaiyang'ana bwino. Koma kumene idakumbidwa sinena. Ankadziwa ndi mapepalawa. Mwini wake adayenda zaka makumi awiri kuti alembe zimenezi, ndipo adandisiyira ine poti ndimasamala zinthu."

Akadakalipa zikadakhala bwino. Fainess ankadziwa kuyankha munthu wokalipa. Koma pa kufatsa kuja mawu adangotuluka okha.

"Ndimafuna ithe. Miyezi isanu ndi itatu mayi uja ali pakhonde panga. Mumaseka naye, mumalankhula naye, mumamuuza kuti ali ndi maso. Ine ndikagwira kamodzi kokha mukuti ndisokoneza. Anthu akundiseka pamzere wa makuponi. Inde ndili ndi nsanje, bambo a Lusiya, ndipo ikundipweteka."

Apa a Alick adamuyang'ana.

"Kani nkhani yake ndi imeneyo," adatero. Adadzuka kukatsitsa feteleza.

M'mawa mwake Fainess adabwerera kuchigafa yekha, manyazi atamugwira. Adatola nkhono imodzi n'kuona kuti m'kamwa mwake mudakanirira dothi lachikasu. Adatsegula mabokosi angapo opanda kanthu aja. Pansi pa ena padatsalira fumbi lachikasu, pa ena lofiira, pa ena lotuwa lonyezimira. Mapepala nawo adali ndi madontho a fumbi lomwelo m'mapindo. Kufananiza mtundu ndi mtundu, kusiyanitsa chikasu ichi ndi chikasu icho, ndani m'boma lonse la Kasungu akadamuposa? Zikadatenga miyezi, zonse sizikadabwerera, koma zambiri zikadatheka. Adathamangira kwa a Alick, amene ankakonza khasu pansi pa mtengo wa mango, n'kuwaonetsa, mawu akuphonyana.

A Alick adayang'ana fumbilo pa galasi. Adavomera kuti nzeruyo ndi yoona, njira yake ndi yomweyo.

"Ndiye ndiyambe lero," adatero Fainess. "Ine ndi inu. Ndiuzeni pogwira ndi posagwira."

"Ayi, mayi a Lusiya. Mwathandiza kale."

Loweruka mphunzitsi adafika monga mwa nthawi zonse. Ataona za m'chigafa adagwira pakamwa, kenaka adadzigwira. Fainess adali atakonzeka kunyozedwa, mayankho ali kunsonga kwa lilime. Koma mayiyo, mwa nkhanza zake zaulemu zija, adati aliyense akadalakwitsa chimodzimodzi, ndipo kusanja kwake n'kokongola. Atamva za fumbi adati imeneyo ndi nzeru yakuya, amayi aganiza bwino. Adawonjezera kuti ntchito yotere imafuna tebulo lalikulu ndi malo osafika mphepo kapena nkhuku, pomwe zinthu zingakhale zoyala miyezi ingapo osazisuntha. Kunyumba kwake, pafupi ndi sekondale, kudali chipinda chongokhala, cha windo lalikulu ndi loko.

Fainess adayang'ana amuna ake. Akadangoti ayi, tizigwirira konkuno, iye akadasesa chigafa tsiku lililonse, akadamanga nkhuku zonse miyendo. A Alick adati chipinda cha loko chikhala bwino.

Adanyamula tsiku lomwelo, maulendo atatu a njinga. Malichero adabwerako madzulo ali opanda kanthu. Tebulo laling'ono lija lidalowetsedwa m'nyumba, pakhonde padangotsala zipsera zinayi za miyendo yake.

Lolemba m'mawa a Alick adavala malaya oyera, napopa njinga. Adati ntchito yakula, masiku awiri pa sabata sakwanira, ndiye azipita tsiku lililonse, aphunzitsi awapatsa kiyi woti azilowera iwo ali m'kalasi. Adapapasa m'matumba.

"Galasi langa mwaliona, mayi a Lusiya?"

Lidali pawindo. Fainess adalitenga, adalipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Adaima pakhonde kuwayang'ana mpaka adakhota pa mitengo ya bulugamu. Tsiku lonse sadasankhe nyemba, padalibe woti amuonerere kapena womumvetsera. A Alick adabwerako dzuwa likulowa, ndipo Fainess adawamva asanawaone, akuimba mluzu.